Nyenyezi ya aNamaseko

Kalekale, koma kale loti wailesi zinali zitafika kale m'nyumba za anthu, pamsika wa Lizulu panali mayi wina wogulitsa mbatata ya kachewere, aNamaseko. Mayiyu anali ndi ana atatu, ndipo onse atatu anasankha ntchito zosuzumira zinthu zimene maso saona. Woyamba, Fatsani, anakaphunzira za nyenyezi kunja n'kubwerera kudzaphunzitsa pakoleji ina. Wachiwiri, Ndaziona, ankajambula odwala ekisire pachipatala china cha paboma. Wachitatu, Sekerani, bambo wa ana awiri amene ukwati wa munthu sunkamudutsa, ankasamalira makompyuta pakoleji yomweyo imene mkulu wake ankaphunzitsa.

Anthu akumudzi ankaganiza kuti Fatsani amakhalira kugona panja chagada, kuwerenga nyenyezi. Ayi ndithu. Munthuyu ankalowa m'nyumba pamodzi ndi nkhuku, ndipo ntchito yake ankaigwira masana atakhala pampando. Nyenyezi zooneka ndi maso analibe nazo ntchito, iye ankafuna zakhanda, zongobadwa kumene. Chaka ndi chaka ankauza ophunzira ake kuti pakati pa nyenyezi pali mitambo ikuluikulu ya fumbi ndi mpweya, yakuda bii, ndipo nyenyezi zimabadwira m'kati mwa mitambo imeneyo, momwe kuwala wamba sikungatuluke. Koma nyenyezi yakhanda ndi yosakhazikika. Imakhala phee, kenako n'kulilima mwadzidzidzi, n'kulavula cheza cha ekisire, chomwe chija chimapyola mnofu kuchipatala. Chezacho chimapyolanso fumbi. Ukakhala ndi chojambulira chotha kuchigwira, umamuona mwana akadali m'mimba mwa mtambo.

Chojambulira chotere sichikhala pansi pano, chifukwa mpweya wa dziko lathu umameza chezacho chisanafike. Chimazungulira kumwamba, ndipo akatswiri a dziko lonse amachilimbirana ngati mjigo umodzi m'chilimwe. Wofuna kuchigwiritsa ntchito amalemba kalata yopempha. Fatsani analemba zaka khumi ndi chimodzi, akukanidwa chaka ndi chaka mpaka dazi linayamba kumusuzumira. Ankapempha mtambo umodzi womwewo, waung'ono, umene anzake ankati ndi wouma, mulibe kanthu. Chaka cha khumi ndi chiwiri anamulola. Chojambulira chinayang'ana mtambo wakewo kawiri, maola khumi ndi awiri ulendo uliwonse, motalikirana miyezi inayi. Lamulo la eni chojambulira linali lakuti zithunzizo zikhala za wopempha yekha kwa chaka chimodzi kuchokera pa ulendo woyamba. Chaka chikatha zimatsegulidwa kuti aliyense padziko azione, ndipo amene wapezamo kanthu n'kuyamba kulemba, chinthucho chimakhala chake.

Zithunzi zotere sizibwera zoyera. Zimafunika kusefa pakompyuta monga ufa wochokera kuchigayo. Sefayo imachotsa zinthu ziwiri: timadontho tabodza tochokera pa zilema za chojambulira chenichenicho, ndi maola amene mwini ntchito wawalemba kuti ndi oipa. Fatsani atayang'ana mwaliwiro za ulendo wachiwiri, anaona kuti panali maola atatu pamene cheza chinakwera mwadzidzidzi. Anati limenelo ndi dzuwa lasokoneza makina, monga limachitira nthawi zina, nalemba kuti maolawo atayidwe. Ntchito yosefa anaipereka kwa Sekerani, ndipo inkafuna kuti kompyuta iyake masiku awiri osazima.

Masiku amenewo magetsi ankangobwera kudzapereka moni n'kubwerera. Koleji inali ndi batire lalikulu losungira moto, koma Loweruka lapitalo Sekerani anali atalinyamula mwakachetechete kupita nalo kuukwati wa mnzake kuti zimkuzamawu zisazime, ndipo linabwerako litafa. Anayesa kusefa katatu, katatu konse magetsi anazima ntchito ili pakati. Kunena zoona kukanatanthauza kunena za batire. Choncho Fatsani ataima pakhomo Lachinayi n'kufunsa, Sekerani anayang'ana nsapato zake n'kuyankha kuti wasefa. Anasindikiza zithunzi ziwirizo momwe zinabwerera, ndi madeya omwe, n'kupatsa mkulu wake.

Pazithunzi zonse ziwiri, m'kati mwa mdima wa mtambo, panali kadontho kowala mbee. Munthu wophunzira ngati iyeyo akanayenera kukhala pansi, kuyeza, kuyezanso, n'kufunsa anzake. Koma zaka khumi ndi ziwiri si masewera, ndipo m'mutu mwake munali kale nkhope za onse amene ankamuseka. Loweruka m'mawa anakwera minibasi kupita ku Lizulu kukaonetsa amayi ake, ndipo anapeza Ndaziona ali komweko.

Ndaziona anatenga zithunzizo n'kuzikweza pakhomo polowera kuwala, monga dzanja lake linazolowerera kuntchito. Anaona kuti pa ulendo wachiwiri chojambulira chinali chitapendekera pang'ono, moti timadontho tonse tinasendera kumbali. Tonse, kupatula kamodzi. Kadontho kowala kaja kanali pamalo amodzimodzi, zala zitatu kuchokera pangodya, pazithunzi zonse ziwiri. Chinthu chotere anali atachionapo. Atangoyamba ntchito, pakaseti yake, chimbale chija amaika kumsana kwa wodwala pojambula, panali kalitsiro. Kalitsiroko kanaoneka ngati banga m'mapapo a bambo wina, ndipo bamboyo anamwa mankhwala a chifuwa chachikulu miyezi isanu ndi umodzi alibe matenda. Ndaziona anazindikira pamene banga lomwelo linaonekanso pamalo omwewo m'chifuwa cha munthu wachitatu. Kuchokera pamenepo ankadziwa kuti chimene sichisuntha wodwala akasuntha si cha m'thupi. Nkhani imeneyi sanaiuzepo munthu aliyense kwawo.

"Achimwene," anatero, "kadontho aka bwanji sikanasunthe pamene tinzake..."

"Iwe uziona nthiti za anthu," anatero Fatsani akuseka. "Zakumwambazi utisiyire eni ake."

Ndaziona anaika zithunzizo pampasa n'kupita kukatsuka mbale. Awa anali achimwene amene ankamukweza panjinga kupita naye kusukulu, achimwene a madigiri atatu, ndipo kuti awatsimikizire akanayenera kuulula za bambo wa mankhwala uja. Anadziuza kuti mwina zakumwamba zili ndi malamulo ake. Panapita masiku asanu ndi anayi, lamya ali nayo m'thumba, osaimba.

Tsiku lakhumi koleji inachita mwambo muholo. Kunabwera akuluakulu ovala mikanjo, atolankhani, ndi a wailesi. ANamaseko anawagulira chitenje chatsopano cha buluu n'kuwakhazika pampando wakutsogolo, mapazi awo osafika bwino pansi. Fatsani anaonetsa kadontho kaja pachinsalu, atakakulitsa kukhala ngati dzira, nanena kuti mayina a boma a nyenyezi ndi manambala okhaokha, koma pakati pa ife nyenyezi iyi izitchedwa ya aNamaseko. Holo yonse inalira nthungululu. Amayiwo anaphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje, misozi ili chuchuchu. Sekerani ndiye ankayendetsa makina oonetsera, ndipo Ndaziona anali pamzere wachiwiri, akuwomba nawo m'manja.

Sabata isanathe kunabwera kalata yochokera kwa eni chojambulira. Inali ya mizere inayi, yaulemu wake, ndipo ulemuwo ndi umene unkapweteka. Inati kadonthoko ndi chilema chodziwika cha chojambulira chawo, chimene sefa imachotsa yokha, ndipo inamaliza ndi funso lakuti kodi zithunzizo zinasefedwa. Wailesi yomwe inalengeza za nyenyezi inalengezanso za chilema, kawiri patsiku, m'zinenero ziwiri. Pamsika wa Lizulu amayi ogulitsa kabichi anayamba kufunsa aNamaseko ngati nyenyezi yawo ija yagwera cha kuno kapena cha ku Mozambiki. Ogula ena ankati awapatse kachewere wa kumwamba. ANamaseko anasamutsa mulu wawo n'kukakhala kumapeto kwa msika, pafupi ndi ogulitsa makala.

Fatsani anaitana Sekerani muofesi n'kutseka chitseko. Sanafunike kufunsa kawiri, Sekerani anaulula zonse, za ukwati, za batire, za bodza la Lachinayi lija. Fatsani anakalipa mpaka mawu anasasa. Ali wefuwefu choncho anaimbira Ndaziona kuti amuuze zimene mng'ono wawo wachita, koma Ndaziona ananena motsitsa kuti iye anali ataona kuyambira tsiku la pampasa lija. Fatsani anatsegula pakamwa kuti amukalipirenso, n'kukumbukira za nthiti za anthu. Anamva mawu akewo monga anawanenera, ndi kaseko komwe. Anadula lamya osatsanzika.

Manyazi amene anamugwira Fatsani sanali a tsiku limodzi. Anayamba kulowera kukhomo lakumbuyo kwa koleji, kumene amatulutsira zinyalala. Pophunzitsa ankalankhula ndi bolodi. Wophunzira akatsokomola, iye ankamva ngati akuseka. Zithunzi za mtambo uja sanazitsegulenso, ndipo ku Lizulu sanapondeko miyezi isanu ndi itatu, chifukwa nkhope ya amayi ake itaphimbidwa ndi chitenje cha buluu inkamubwerera nthawi iliyonse akaona minibasi. Ana atatu a mimba imodzi ankangopatsana moni wa pamaliro. Uku chaka cha eni chojambulira chinkatha, ndipo Fatsani ankafuna kuti chithe, ena atenge zithunzizo achite nazo zimene akufuna.

Kutatsala sabata ziwiri kuti chakacho chithe, Ndaziona anapita kukaona amayi ake n'kupeza zithunzi zija, zimene amayiwo anali atazipachika pakhoma, zitachokapo. Anazipeza zitayalidwa pansi pa dengu la kachewere, zili ndi dothi. Anazipukuta n'kuziika m'chikwama. Lolemba pa nthawi ya nkhomaliro, odwala atatha, anaziika pabokosi la nyali loonerapo zifuwa, china pamwamba pa chinzake. Sanalinganize m'mphepete mwa mapepala. Anapendeketsa chapamwambacho pang'onopang'ono mpaka timadontho tonse tinakwerana, monga amachitira poyerekeza chifuwa cha munthu cha chaka chatha ndi cha chaka chino. Kadontho kabodza kaja kanagawika pawiri n'kudziulula. Tina tonse tinali ndi tinzake. Koma chakumunsi, pamene mtambo unada kwambiri, panali kamodzi kakang'ono kamene pachithunzi chachiwiri kanalipo, pachoyamba kulibe. Sikanali pamalo a chilema chilichonse chooneka. Ulendo uno sanadikire masiku asanu ndi anayi. Anapempha mnzake kuti amugwirire ntchito, nakwera basi tsiku lomwelo.

Anapeza Fatsani akuchonga mayeso. Sanapereke moni wautali. Anayala zithunzizo pamwamba pa mapepala a ana asukulu n'kuloza ndi chikhadabo.

"Achimwene, ine ndimaona nthiti, zoona. Koma wodwala akabwera ndi chinthu chimene chaka chatha analibe, sindimubweza. Tayang'anani apa."

Fatsani anakakumbukira kadonthoko. Anali atakaona tsiku loyamba lija, n'kukataya mumtima chifukwa sikanali pazithunzi zonse ziwiri. Anayatsa kompyuta, natsegula zimene anazithawa miyezi isanu ndi itatu, n'kuyang'ana cheza cha kadontho kameneko kokha, ola ndi ola. Maola asanu ndi awiri oyamba kanali zii. Kenako kanalilima mwadzidzidzi, n'kumazirala pang'onopang'ono mpaka kuzimiririka. Umu ndi momwe nyenyezi yakhanda imachitira, ndipo iye mwini ankazijambula pabolodi chaka ndi chaka. Anayang'ana nthawi imene kanalilima. Anali maola atatu aja, amene iye analemba ndi dzanja lake kuti atayidwe. Silinali dzuwa. Sekerani akanamvera n'kusefa, mwanayo akanapita ndi madeya, ndipo madeya palibe amene amabwerera kukawafufuza.

Fatsani anayeza masiku asanu ndi limodzi, nayezanso, monga akanayenera kuchitira poyamba paja. Sekerani anabwereka batire la galimoto kwa mlamu wake n'kusefa bwinobwino, osataya maola atatuwo. Chilema chinachoka, kadontho kakang'onoko kanatsala. Mtambo umene dziko lonse linkati ndi wouma unali ndi mwana m'mimba.

Kunatsala kulemba chikalata chotumiza kwa akatswiri anzawo. Chikalatacho chinayenera kuyamba ndi kuvomera kuti zimene zinalengezedwa muholo muja zinali zolakwika, kenako n'kufotokoza za nyenyezi yeniyeniyo. Pamwamba pake pamalembedwa mayina, ndipo mwambo wa anthu a ntchitoyi ndi wakuti dzina loyamba ndi limene limakumbukika. Akamatchula chikalata amati uje ndi anzake, basi, anzakewo n'kumira. Dzina loyambalo ndilo lidzayenda ndi nyenyeziyo mpaka kalekale, ndipo ndilonso lidzakhala pamwamba pa chipepeso. Mukanayembekeza kuti atatuwa alimbirana. Anakhala mozungulira tebulo, mzere woyamba uli wopanda kanthu, aliyense akukankhira cholembera kwa mnzake.

Fatsani anati iye sangaike dzina lake. Anavomera kuti ndi iye anasankha mtambowo pamene onse ankauseka, ndi iye anapempha zaka khumi ndi ziwiri, ndipo popanda iye sipakanakhala chithunzi chilichonse. Koma nyenyezi yeniyeniyo anailamulira kudzala, yabodza n'kuikweza pachinsalu, ndipo mlongo wake atafuna kumutsina khutu anamutseka pakamwa ndi chipongwe. Anati chipepeso chokha angasaine, koma chipepeso ndi nyenyezi zili papepala limodzi.

Ndaziona anati dzina lake lisayerekeze kukhala poyamba. Ndi iye anaona bodza, ndi iyenso anapeza choona, zimenezo sanakane. Koma anaona amayi ake akuwaveka chitenje chatsopano, akudziwa, ndipo anawomba m'manja. Apa ndi pamene anawauza abale ake za bambo amene anamwa mankhwala miyezi isanu ndi umodzi, n'kunena kuti kawiri konse kukhala chete kwake kwavulaza munthu wosalakwa. Anati achimwene analakwa osadziwa, pamene iye analakwa maso ali tong'o.

Sekerani anaseka kaseko kopanda mano. Anati akudziwa kuti popanda bodza lake nyenyeziyo ikanatayidwa, koma popanda bodza lomwelo amayi akanakhala akugulitsabe kachewere pamalo awo akale. Iye sanasunge maola atatu aja chifukwa cha nzeru, anawasunga chifukwa anaba batire kukavinitsa anthu. Anafunsa kuti ana ake akadzakula n'kufunsa kuti bambo munaipeza bwanji nyenyezi, adzawauza chiyani.

Linali Lachitatu, ndipo Lachisanu masana zithunzi zinkatsegulidwa kwa dziko lonse. Fatsani ankadziwa kuti kunja kuli anthu a makompyuta osazima amene akadzangoziona, sipadzatha sabata asanakapeze kadonthoko. Lachinayi m'mamawa atatuwo anakwera minibasi imodzi mpaka ku Lizulu. Anapeza amayi awo kumapeto kwa msika kuja, akuunjika kachewere, m'mapazi muli fumbi la makala. Fatsani anagwada pomwepo, thalauza lake la kuntchito lili m'dothi, anthu akuona. Anafotokoza zonse, nati popeza iwo alephera, amayi asankhe, kapena alole kuti nyenyezi yeniyeniyi itenge dzina lawo monga analonjezera.

ANamaseko anamvetsera mpaka kumapeto, manja osaleka kuunjika. Anafunsa ngati iyi ndiyo yeniyeni, ndipo Fatsani anati ndi yeniyeni. Anafunsa ngati yoyamba ija sananenenso kuti ndi yeniyeni. Fatsani anazyolika.

"Dzina langa munalilemba kale palitsiro," anatero amayiwo, osakweza mawu. "Lisiyeni pomwepo, ndazolowera. Apa lembanipo lanu, mmodzi wa inu, kuti akadzabwera ofunsa adzadziwe khomo logogoda. Ine ndinabereka atatu, sindisankha."

Anatembenuka kukathandiza wogula. Atatuwo anakhala pabenchi la wogulitsa makala, chikalata chili pamwendo pa Fatsani, mzere woyamba uli mbee, cholembera chili pakati pawo pathabwa. Dzuwa linkakwera, ndipo minibasi yobwerera inali itayamba kuitanira.

Ine ndawasiya pabenchi pomwepo, chifukwa pamene ndinkachoka palibe anali atatola cholemberacho. Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, mawa masana nyenyezi ipita kwa alendo ngati mzerewo ukhala wopanda dzina. Pali amene anaifunafuna zaka khumi ndi ziwiri n'kulamula kuti itayidwe. Pali amene anaipeza, koma atasiya amayi ake kuti achite manyazi iye akudziwa. Pali amene anaipulumutsa ndi bodza lomwe linagwetsa banja lonse nkhope. Dzina limene mulembe lisenza ulemu ndi manyazi pamodzi, sizisiyanitsika. Tiuzeni, pamzere woyambawo palembedwe ndani: Fatsani, Ndaziona, kapena Sekerani?